Anamuchotsa chifukwa munda sunkakongola

Mu 1873 boma la Victoria, ku Australia, linachotsa Ferdinand von Mueller pa udindo woyang'anira munda wa zomera wa mumzinda wa Melbourne. Sanabe ndalama, ndipo ulesi analibe. Anthu apamwamba a mumzindamo ankafuna kapinga wosalala, maluwa oti azisirira ndi tinjira toti aziwongoleramo miyendo Lamulungu masana. Iye ankadzala zomera m'magulumagulu monga mwa mitundu yake, kuti munthu aone n'kuphunzirapo kanthu. Ine ndikuti bomalo linalakwa, ndipo nkhaniyi imandiwawa ngakhale kuti papita zaka zoposa 150.

Taonani munthu amene anamuchita zimenezi. Anabadwira ku Rostock, ku Germany, mu 1825. Makolo ake onse anamwalira ndi chifuwa chachikulu iye akadali mnyamata. Anaphunzira ntchito yosakaniza mankhwala, kenako za zomera ku yunivesite ya Kiel, ndipo mu 1847 anakwera sitima ndi azichemwali ake awiri kupita ku Adelaide, kufunafuna nyengo yabwino ku thanzi lawo. Mu 1853 bwanamkubwa Charles La Trobe anamusankha kukhala katswiri wa boma wa zomera, woyamba ku Victoria. Ntchito imeneyo anaigwira zaka 43, mpaka imfa yake mu 1896.

Nanga ntchito yake inali yotani? Kukwera hatchi n'kulowa m'mapiri miyezi yathunthu. Kuthyola kanthambi kamene kali ndi duwa kapena chipatso, kukayala pakati pa mapepala, kupanikiza ndi matabwa. Madzulo ena onse akupuma, iye akusintha mapepala onyowa aja, chifukwa ukangozengereza nkhungu imalowa ndipo ulendo wonse wapita pachabe. Kenako kulemba pakapepala kuti chomerachi chapezeka kuti, tsiku liti, m'dothi lotani, duwa lake linali la mtundu wanji lisanafote. Popanda kapepalako, tsamba louma lija ndi chinyalala basi. Mu 1855 ndi 1856 anayenda ndi gulu la Augustus Gregory kudutsa kumpoto kwa Australia akuchita zomwezi, m'dziko lotentha kumene madzi ankavuta.

Zomera zouma zimenezo ndi zimene zinayambitsa National Herbarium of Victoria, nkhokwe ya zomera zouma imene lero ikusunga zoposa miliyoni imodzi. Akatswiri akamakangana kuti mtengo uwu ndi mtundu womwe uja kapena wina, amakatsegula kabati n'kuyerekeza ndi kanthambi kamene Mueller anaumitsa ndi manja ake. Dzina loti Macadamia analipereka ndi iyeyo mu 1857, polemekeza mnzake John Macadam. Bulugamu nayenso anafala m'mayiko ambiri chifukwa cha mbewu ndi makalata amene iye ankatumiza mosatopa.

William Guilfoyle, amene analowa m'malo mwa Mueller pamundapo, anakonza munda wokongoladi, zimenezo sindikutsutsa. Koma kodi zinali zosatheka kupatsa mmodzi kapinga, wina n'kumusiyira malo ofufuzira ndi antchito ake? Mueller anamusiyira udindo wa katswiri wa boma wa zomera, koma munda umene anaulera kuyambira 1857 anamulanda, ndipo akuti sanapondemonso mpaka kufa.

Chinanso chimene chimandikhudza ndi cha mabuku ofotokoza zomera zonse za ku Australia, Flora Australiensis. Mueller ankafunitsitsa kuwalemba yekha. Akuluakulu a munda wa zomera wa Kew, ku London, anasankha George Bentham, munthu amene sanapondepo ku Australia. Mueller anakhumudwa, komabe ananyamula zomera zake zouma, bokosi ndi bokosi, n'kumazitumiza pa sitima kuti mnzakeyo alembere. Mabuku 7 anatuluka pakati pa 1863 ndi 1878, iye akungotchulidwa ngati wothandizira. Ndi angati amene akanatumiza mabokosi aja?

Sanali wangwiro ayi. Ankalimbikitsa kufesa mabulosi aminga a blackberry m'tchire poganiza kuti adzathandiza apaulendo, ndipo lero chomeracho chasanduka mliri m'madera ambiri a ku Australia. Komanso zomera zambiri zimene azungu ankati zangopezeka kumene, eni nthaka a Aborigine ankazidziwa kalekale, ankazidya ndi kuchiritsira matenda, koma mayina awo sapezeka kawirikawiri pa timapepala tija. Anthu mazanamazana, kuphatikizapo azimayi oposa 200, ankamutolera zomera kumidzi yakutali n'kumutumizira pa positi, ambiri osalandirapo kalikonse. Amenewanso ndi eni ntchitoyi.

Koma mu 1873 palibe amene anamuimba mlandu wa blackberry kapena wosalemba mayina a eni nthaka. Mlandu wake unali kapinga. Amene ankagamula ankayang'ana zimene mlendo angaone akalowa pageti, ndipo makabati odzaza masamba ouma sanawaone ngati ntchito yoyenera ndalama za boma.