Mphoto za kafukufuku zizifikanso kumunda

Ndakhala ndikuona zithunzi pa Facebook za aphunzitsi a m'mayunivesite akulandira mphoto chifukwa cha kafukufuku wawo. Wina akuti watulukira njira yatsopano, wina ntchito yake yasintha miyoyo ya anthu, wina wagwira bwino ntchito ndi anzake akunja. Ndikuwayamikira ndi mtima wonse, anakhetsa thukuta anthuwa. Koma pazithunzipo pali anthu amene sindikuwaona, ndipo zikundipweteka.

Ine kwathu ndi ku Kandeu, ku Ntcheu. Kuyambira 2012 akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi a ku Michigan State University ya ku America anali ndi minda yoyeserera kuno, ku Nsipe, komanso ku Linthipe ndi ku Golomoti m'boma la Dedza. China chomwe ankayesa ndi kubzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, ndiye mtedza umakhwima osaphimbidwa. Mukakumba mtedza, nandolo amatsala yekha n'kutambasuka, mizu yake ikulowa pansi, masamba akuyoyokera m'mizere. Mbewu ziwiri zonsezi zimabwezera chonde m'nthaka, moti chimanga cha chaka chotsatira chimaoneka nkhope ina. Imeneyi ndi nzeru yeniyeni, yoyenera mphoto.

Nanga anapalira ndani? Mayi anga anapatula kagawo ka munda wawo, kumene akanabzala chimanga choti tidye, n'kuyeserapo. Mvula ikanavuta, wogona ndi njala anali iwowo. Tsiku lina alangizi atabwera kudzayendera, Mayi anaimika khasu n'kunena kuti, "Alangizi, nandoloyu ngwabwino ndithu, koma anthu akakolola chimanga n'kumasula mbuzi, ine nditsala ndi chiyani?" Alangiziwo analemba m'kope mwawo. Ine ndimati pamenepo Mayi ankachita kafukufuku, ngakhale sukulu anasiyira pulayimale.

Tsono mawu akuti "ntchito yasintha miyoyo" amatsimikiza ndani? Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mitengo inagwa ndipo matumba anangodzaza m'nyumba, anankafumbwe n'kumadya. Amene angakuuzeni bwino ngati moyo wasintha kapena ayi ndi amene anasunga matumba amenewo.

Chomwe ndikupempha n'chochepa. Oweruza mphoto zimenezi, musanasankhe wopambana, kwerani minibasi mufike kumene ntchitoyo inachitikira, mukhale pamkeka mufunse eni minda. Pa mphoto ya mgwirizano, kalabu ya alimi ndi mlangizi wa m'deralo atchulidwe mayina, aitanidwe ku mwambowo, ndalamayo nawonso ailaweko. Ndipo aliyense wofuna mphoto ayambe wabwerera kumudzi kukafotokoza m'Chichewa zomwe anapeza.

Chomalizachi ndikunena ndi chifukwa. Pakhomo pathu pafikanso ophunzira ena ochokera kwina, atanyamula mapepala a mafunso. Mayi amawayalira mkeka, kuwaphikira chimanga, kuyankha mpaka dzuwa kupendeka: mbuzi zingati, mwakolola ngolo zingati, mumadya kangati patsiku. Akanyamuka, ndi pomwepo. Mpaka lero Mayi amandifunsa kuti, "Kodi ana aja anapeza chiyani?"

Nandolo akubzalabe chaka ndi chaka, ndipo mbali ya kunjira amatchingako ndi minga chifukwa cha mbuzi zija.