Mawu a nyimbo salembera mu situdiyo, abale inu

Loweruka lapitali ndinakhala maola asanu pa mpando wa pulasitiki mu situdiyo ina ku Chilomoni, gitala ili pamiyendo, kudikira munthu wamkulu ndi ndevu zake kuti apeze mawu oti aimbe. Maola asanu! Ndinalawirira ku Bangwe kusanatenthe, minibasi mpaka ku Limbe, ina ya m'tauni, inanso ya ku Chilomoni, chifukwa pafoni anandiuza kuti nyimbo inatha kale, changotsala n'kuikamo gitala basi. Pofika ndapeza biti ikugunda, pulodyusa akugwedeza mutu, eni nyimbo ali pakona maso ali pa foni. Ndinati, achimwene, tandiimbireni ndimve pomwe gitala ilowere. Iwo amvekere, "Dikirani pang'ono amwene, mawu akubwera." Akubwera kuchokera kuti? Nawonso akwera minibasi?

Ola loyamba linatha ndi "nanana, nanana" pa maikolofoni. Lachiwiri analemba mizere itatu, n'kufufuta iwiri. Wotsalawo unali wakuti "bebi usandisiye". Ndinawafunsa mwaulemu kuti kodi nyimboyi ikunena za chiyani. Akuti za chikondi. Ndinati chikondi cha ndani, chatani, wathawa ndani, wotsala akumva bwanji? Anangondiyang'ana ngati ndawafunsa masamu a Fomu 4. Munthu walipira situdiyo, waitana wa gitala, waitana mtsikana wodzathira mang'ombe amene anasiya mwana kwa aneba, koma sakudziwa chimene akufuna kuuza anthu. Mtsikana uja anagona pa sofa, nsapato atavula. Cha m'ma 2 koloko magetsi anathima, tonse tinangoti kakasi mumdima, fani itaima, thukuta lili kamukamu.

Ndiye ndinene pano poyera, amene akwiye akwiye. Mawu a nyimbo amalembedwa kunyumba. Amalembedwa musanaitane munthu, musanalipire situdiyo, musanavale mahedifoni n'kujambulitsa chithunzi choika pa Facebook chakuti "tili pa ntchito". Ntchito yanji? Situdiyo ndi malo ojambulira nyimbo imene ilipo kale. Kupita kumeneko wopanda mawu kuli ngati kupita kuchigayo ndi thumba lopanda chimanga, n'kumauza wa chigayo kuti layitsani injini, chimanga chibwera.

Ndikudziwa zimene muyankhe mumakomentimu. Muti biti ndi imene imakupatsani maganizo. Chabwino, sindikukana. Ndiye tengani bitiyo, pulodyusa akutumizireni pa WhatsApp, mupite nayo kunyumba, muimvere sabata yathunthu, mugone nayo, musambe nayo, mukwere nayo kabaza. Mukabwerenso mubwere ndi kope lodzaza. Chimene chikundinyansa ine ndi ichi chomaika mawu kumapeto ngati mchere woiwalika, nsima ili kale pa mbale. Mawu ndiye nyimboyo. Biti yabwino yopanda nkhani ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tayang'anani amayi athu pamtondo. Mayi akamasinja n'kuyamba kuimba, nkhani amakhala wabwera nayo kale m'mtima. Yamupweteka usiku wonse: bambo wa kunyumba wagulitsa chimanga n'kukamwera kachasu, apongozi anena mawu, mkazi mnzake wadutsa osapereka moni. Akafika pamtondo musi umangothandiza, du, du, du, koma chimene mudzi wonse ukumva ndi mawuwo, ndipo wolakwayo amadziwa kuti apa akunena ine ngakhale dzina silinatchulidwe. Simudzaona mayi ataimika musi m'mwamba n'kumati dikirani, mawu akubwera. Mphunzitsi wa kwaya naye sabwera ku pulakatisi ndi chuni chokhachokha. Amabwera ndi ndime yake, kaya ya m'Masalimo kaya ya mu Yesaya, wailingalira, waipinda kuti ikwane m'kamwa mwa anthu. Koma ife a m'tauni, ndi malaputopu athu, tatembenuza zonse. Tikumanga denga kenako n'kumafunsa kuti maziko tikumbe pati.

Komanso pali china chimene anthu olemba mawu pamwamba pa biti yobwereka sachimva. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake chisanaimbidwe n'komwe. Nenani "mtengo" wa m'nkhalango, kenako nenani "mtengo" wa pamsika. Zilembo n'zimodzimodzi, koma mawu amakwera pena, amatsika pena. "Khungu" la pathupi ndi "khungu" la kusaona, chimodzimodzi. Ndipo tikamalankhula, timakoka pang'ono phatikizo loyandikira kumapeto, n'chifukwa chake "ndakusowa" amamveka ngati munthu wasowadi mnzake. Mukayamba ndi mawu, chuni chimatuluka m'mawumo chokha, chimatsata mmene lilime likuyendera. Mukayamba ndi biti ya amapiano yopangidwira anthu a ku South Africa olankhula Chizulu kapena Chisutu, kapena ya Afrobeats ya ku Lagos, n'kumakankhiramo Chichewa mokakamiza mphindi zomaliza, mawu amathyoka miyendo. Achimwene aja, magetsi atayaka, anapeza mzere wakuti "khungu lako losalala". Malo ake pa biti anali otsika, ndiye mmene anaimbira, ine ndinamva ngati akuyamikira mtsikanayo kuti ndi wosaona. Ndinaseka ndekha. Pulodyusa sanamve n'komwe, anali kalikiliki kukonza besi.

Kenako munthu akaona kuti Chichewa chakanika kulowa, amathawira ku Chingelezi cha mawu anayi chija, "bebi", "mami", "foreva", n'kumati ndi sitayilo. Si sitayilo imeneyo. Ndi munthu amene sanakonzeke.

Akuluakulu a mabanjo aja, nthawi imene wailesi inali imodzi yokha ya MBC ndipo oimba ambiri ankajambulira komweko, ankalowa gulu lonse pamodzi, kuimba kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wina akalakwitsa, nonse kuyambiranso. Ndani akanalimba mtima kufika pamenepo alibe mawu? Nyimbo inkakhala itaimbidwa kale pa mowa, pa ukwati, pa msika, anthu aiseka, aikonza, mizere yofooka yagwa yokha m'njira. N'chifukwa chake mpaka lero agogo anu amaimba vesi yonse osaphonya, pamene nyimbo yanu ya mwezi watha inu eni ake mwaiwala vesi yachiwiri. Ndinakuonani pa shoo ina mukuloza maikolofoni kwa anthu kuti akuimbireni, anthuwo ali duu. Kaya ndi FL Studio, pulogalamu ya pakompyuta yopangira biti ija, yatilowetsa ulesi, kaya ndi changu chofuna kutulutsa nyimbo Lachisanu lililonse, zimenezo ndi zanu.

Ine si katswiri, musandiyese ndikudzitama. Koma ndili ndi kope la ana asukulu limene limakhala m'thumba la gitala. Ndikamva kondakitala akukangana ndi mayi wa mandasi pa nkhani ya chenji, ndimalemba. Ndikamva mawu pamaliro amene andilasa, ndimalemba ndikafika kunyumba. Mizere imeneyo imagona mmenemo masabata, ina miyezi. Ndikaiona kuti yayamba kugwirana, ndimawawerengera mayi a kunyumba, popanda gitala, popanda chilichonse, iwo akutsuka mbale. Akangoti "mmm" osatembenuka, ndimadziwa kuti palibe kanthu, ndimang'amba. Akasiya mbale n'kufunsa kuti "ndiye zinatha bwanji?", pamenepo ndiye ndimatenga gitala. Mawu amene sangaime okha pakhonde, biti singawanyamule. Ingowabisa kwa milungu iwiri, ma DJ akatopa nayo basi yafa.

Kusintha liwu limodzi kapena awiri mu situdiyo, palibe vuto. Kolasi ikatalika mumadula, mpweya ukamathera pakati pa mzere mumakonza. Kumeneko n'kusoka chigamba pa malaya amene alipo. Koma inu mukubwera kwa telala opanda nsalu, n'kukhala pa benchi yake tsiku lonse, ena akudikira pamzere. Pulodyusa uja anali ndi gulu la kwaya limene linabuka 3 koloko. Anafika amayi asanu ndi atatu, mayunifolomu ali m'majumbo, aphunzitsi awo atagwira mapepala olembedwa bwinobwino ndi bolopeni, mawu a soprano pena, a alto pena. Anawakhazika panja pa njerwa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa "atisti" anali asanapeze liwu logwirizana ndi "usandisiye". Anapeza "usandipweteke". Ola lathunthu kuti apeze "usandipweteke"! Amayi aja sanadandaule, anangoyamba kuyeserera nyimbo yawo chapansipansi panjapo, ndipo ndikuuzeni zoona, nyimbo yokhayo imene ndinamva tsiku limenelo inali imeneyo.

Lembani mawu kaye. Muwalembe usiku, muwalembe mu minibasi, muwalembe kumunda, kulikonse kumene simukulipira pa ola ndipo simukusunga anthu. Dziwani amene mukumuimbira, dziwani chimene chakupwetekani kapena chakusangalatsani, dziwani pomwe nkhani ikuyambira ndi pomwe ikuthera. Mukalephera, si manyazi kupita kwa mlakatuli. Dziko lino ladzaza ndi anyamata ndi atsikana olakatula ndakatulo zakupsa, alibe poziika. Mutu umodzi susenza denga. Koma ayi, aliyense akufuna akhale woimba, wopeka, wolemba, zonse yekha, pamene m'kope mulibe ngakhale mzere.

Ndipo pamene ndafika pa nkhani ya olemba, ndinene ndi iyi. Cha m'ma 4 koloko, nditatopa, njala itandigwira, ndinatenga foni ya achimwene aja n'kuwalembera vesi yachiwiri yonse, mizere isanu ndi itatu, kuti tingomaliza ndizipita. Ndinawapatsa nkhani ya mnyamata amene mkazi wake anapita ku Joni kukagwira ntchito, foni inasiya kulowa, iye akungoyang'ana mabasi pa Wenela. Anadumpha ndi chimwemwe, akuti amwene ndinu oopsa. Anaimba, mtsikana uja anadzutsidwa n'kuthira mang'ombe ake, ine n'kuika gitala yanga mphindi makumi awiri zokha. Dzulo ndaona positala ya nyimboyo. Palembedwa kuti yopekedwa ndi kulembedwa ndi iwowo. Dzina langa palibe, ngakhale la gitala lenilenilo. Bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za oimba ndi olemba, linakhazikitsidwa mu 1992, lamulo latsopano la zokopera linabwera mu 2016, ndipo wolemba mawu ali ndi gawo lake pa nyimbo monganso wopeka chuni, koma anthu akuchitabe ngati mawu amatoledwa pansi ngati mango a m'Disembala. Mumawanyoza pokonza nyimbo, mumawaika kumapeto, koma ikafika nthawi yolembetsa mumawakumbatira kuti ndi anu.

Achimwene, ndikudziwa mukuwerenga izi. Ndalama ya minibasi ija munati mutumiza Lolemba, lero ndi Lachinayi. Nambala yanga ya Mpamba muli nayo.