Hummels anakalambira kwawo, Varane anachoka ali mwana: pakati pa Germany ndi France akuchita bwino ndani?

Germany ndi France ndi oyandikana, malire amodzi, koma kaleredwe ka madifenda awo ndi kosiyana kwambiri moti ukangoika Mats Hummels ndi Raphaël Varane pamodzi nkhani yonse imaoneka yokha. Awiriwa anakumana pa World Cup ya 2014 ku Brazil mu kotafainolo, Toni Kroos anamenya fulikiki, Hummels anakankhana ndi Varane n'kumuposa mphamvu, mutu umodzi basi 1-0 France kwawo. Nthawi imeneyo Hummels anali ndi zaka 25 akusewera Dortmund, Varane anali ndi 21 koma anali kale ku Real Madrid zaka zitatu ndi Champions League m'thumba.

Tiyambe ndi wa ku Germany. Hummels anabadwa 1988, anakulira mu akademi ya Bayern Munich komwe bambo ake Hermann ankaphunzitsa ana, koma timu yaikulu anangoyisewerera gemu imodzi ya ligi, mwayi kunalibe. 2008 anapita ku Dortmund pangongole, chaka chomwecho kunafika kochi Jürgen Klopp yemwe sanaope kuika ana awiri pakati kumbuyo, iyeyo ndi Neven Subotić, ndipo anatenga ligi 2011 ndi 2012. Apa ndiye pali chikhalidwe cha ku Germany chomwe ndikunenacho, mwana akalephera kulowa ku timu ina samathamangira kunja, amangosamukira ku timu ina ya mu Bundesliga momwemo chifukwa ndalama zilipo, masitediyamu amadzadza, ku Dortmund kokha kumalowa anthu opitilira 80,000 gemu iliyonse ya pakhomo, ndiye uthawe chani. Komanso kuli lamulo lija la 50+1 loti masapota omwe ndi mamembala ndi amene amakhala ndi mavoti ambiri mu kalabu, munthu wandalama sangangobwera n'kugula timu ngati akugula mbuzi pa msika. Maakademi nawo anawakakamiza matimu onse a ligi timu ya dziko itachita manyazi pa Euro 2000.

Ndiye Hummels anangozungulira momwemo, 2016 kubwerera ku Bayern (masapota a Dortmund anamukuwiza zedi, anali kaputeni wawo), maligi atatu motsatizana, 2019 kubwereranso ku Dortmund. Kunja anapita atatopa kale, ku Roma 2024, sizinayende bwino kwenikweni ndipo 2025 anapachika nsapato.

France ndi nkhani ina. Kumeneko ana amawaphunzitsa bwino kwambiri, akademi ya dziko ya Clairefontaine inatsegulidwa 1988 ndipo makalabu ngati Lens, Sochaux, Rennes, Lyon amatulutsa ana chaka ndi chaka, vuto ndi lakuti kupatula PSG matimu ambiri amadalira kugulitsa osewera kuti apulumuke, zinafika poipa 2020 pomwe dili ya TV ya Mediapro inagwa. Varane anasewera sizoni imodzi yokha ku Lens, timuyo inatuluka mu ligi, 2011 ali ndi zaka 18 Real Madrid inamutenga. Mpira wake wonse wa ukulu anasewera kunja, Spain kenako Manchester United, Champions League kanayi, World Cup 2018. Hummels Champions League alibe ngakhale imodzi, anafika mu fainolo kawiri, 2013 ndi 2024, konse ku Wembley, konse anagonja, koyamba ndi Bayern kachiwiri ndi Madrid.

Pomwe pamandiseketsa ine ndi apa. Ana a ku France aja akamachoka kwawo ambiri amangowoloka malire kupita ku Germany komweko. Benjamin Pavard anachoka ku Lille kupita ku Stuttgart 2016 timuyo ili mu ligi yachiwiri, ndipo chigoli chija anagoletsa Argentina pa World Cup ya 2018 anali wa Stuttgart. Ibrahima Konaté anachoka ku Sochaux kupita ku Leipzig 2017, Dayot Upamecano anadzera ku Salzburg n'kufika ku Leipzig komweko kenako Bayern. Kutanthauza kuti makochi a ku Germany ndi amene akumalizitsa maphunziro a madifenda a France, kuwapatsa magemu ali aang'ono, pomwe malo amenewo akanatha kukhala a mwana wa ku Germany. Ndipo 2019 Bayern inagula Pavard ndi Lucas Hernandez, Hernandez yekha mamiliyoni 80 a ma euro, chaka chomwecho Hummels n'kutuluka pakhomo. Miyezi ingapo m'mbuyomo kochi wa Germany Joachim Löw anali atamuuza kale limodzi ndi Boateng ndi Müller kuti ku timu ya dziko basi zatha.

Löw anadzamuyitananso pa Euro ya 2021 poti kumbuyo kunali kukudontha, gemu yoyamba ku Munich ndi France yomweyo, Hernandez anaponya mpira pakati Mbappé ali pamsana, Hummels anadzigoletsa, 1-0. Amene anaponyayo ndi yemwe uja anamulanda malo ku Bayern, mpira ulibe chisoni amangwetu.

Ena anganene kuti nanga Rüdiger bwanji, eya iyeyo anachoka ku Stuttgart kupita ku Roma 2015, kenako Chelsea ndi Madrid ndipo Champions League anaitenga kawiri, koma mwaona kuti wa ku Germany yemwe anatsata njira ya chi France ndi amene ali ndi zikho za ku Ulaya, fainolo ya 2024 ija anali mbali inayo akumugonjetsa Hummels. Pa nkhani ya kuchuluka kwa madifenda France yapambana, palibe zotsutsana, kochi wawo amasiya kunyumba anthu oti ku mayiko ena akanayamba gemu iliyonse.

Koma ine mtima wanga uli kwa Hummels ndithu. Varane anasiya timu ya dziko ali ndi zaka 29, mpira wonse anausiya ali ndi 31 mawondo atakana atangofika ku Como, ku Lens anangodutsako ngakhale amamunyadira. Hummels liwiro analibe kuyambira kale, ankadalira kuwerenga gemu ndi mapasi aja a kunja kwa phazi, ndiye ukalamba sunamulande zambiri, ali ndi zaka 35 anagoletsa ndi mutu ku Paris mu semifainolo ya Champions League ya 2024 ndi PSG, Mbappé yemwe uja osagoletsa magemu onse awiri. Kochi wa Germany Nagelsmann kumusiya pa Euro ya 2024 yochitikira kwawo komwe atasewera chonchija, pamenepo ndiye a Germany analakwitsa, sindisintha maganizo.