Foni ya munthu ndi kuchipinda, wapolisi asalowemo popanda chikalata cha khoti

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo madzulo apolisi anaimitsa mchemwali wanga pamsewu chifukwa nyali imodzi yakumbuyo kwa galimoto sinkayaka. Chabwino, nyali ndi mlandu, alipire. Laisensi anaonetsa, mapepala a galimoto anaonetsa. Kenako wapolisi uja n'kutambasula dzanja: "Mayi, bweretsani foniyo. Itseguleni." Munthu ali yekha, kunja kukuda, anangoti "Chabwino bwana," n'kuikapo chala. Bambo uja anayamba kuwerenga macheza a pa WhatsApp, n'kulowa m'zithunzi, n'kuitana mnzake adzaone, onse awiri n'kuseka. Atakhutira anabweza foni, "Pitani." Mlandu wa pafoni panalibe, funso lokhudza foniyo panalibe. Mchemwali wanga wafika kunyumba akunjenjemera, ndipo mpaka pano sakudziwa kuti chimene amaseka ndi chithunzi chiti.

Nyali yakumbuyo ikukhudzana bwanji ndi zimene mkazi amalemberana ndi mwamuna wake? Ndiuzeni.

Foni ya munthu ndi kuchipinda. Mmenemo muli zotsatira za kuchipatala, ngongole, mikangano ya m'banja, zithunzi za ana ali kosamba, mawu omaliza a mayi amene anamwalira. Wapolisi yemweyo atafika pakhomo panu n'kunena kuti akufuna kuvundukula matiresi ndi kutsegula masutikesi, mungamufunse chikalata cha khoti chomuloleza kuchita chipikisheni. Nanga bwanji pafoni timangopereka ngati tikupereka machesi? Zimene zili m'nyumba mwanu n'zochepa poyerekeza ndi zimene zili m'kachipangizo kameneka. M'nyumba simusunga mndandanda wa kulikonse kumene munapita chaka chatha. Foni imasunga.

Ku Germany kuli wandale wina, Malte Spitz, amene anakakamiza kampani yake ya mafoni kuti imupatse zonse zimene inkasunga zokhudza iye. M'miyezi 6 yokha anapeza kuti inalemba za foni yake kopitirira ka 35,000. Mu 2011 anazitulutsa poyera, anthu n'kuona pa mapu kumene ankagona, sitima imene ankakwera, nthawi imene ankaimba foni. Izi ndi zimene kampani inali nazo, osatsegula n'komwe foniyo. Ndiye ganizani zimene amaona munthu amene waigwira m'manja ili yotsegula.

Ndipo musandiuze kuti ndikulota zinthu zosatheka. Mu 2009 ku San Diego apolisi anaimitsa David Riley chifukwa mapepala a galimoto yake anali atatha ntchito. Anamumanga, n'kufufuza foni yake popanda chikalata. Nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu kwambiri la ku America, ndipo mu 2014 oweruza onse 9 anagwirizana: ngakhale munthu wamangidwa kale, apolisi akafuna kuona za m'foni yake ayambe akatenga chikalata kukhoti. John Roberts, mkulu wa oweruzawo, analemba kuti kufufuza foni kumaulula zambiri kuposa kufufuza nyumba yonse. Munthu ameneyo anali womangidwa, m'galimoto mwake munapezeka mfuti. Mchemwali wanga anali ndi nyali yakufa basi!

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndikudziwa. Koma mfundo 12 ya chikalata cha ufulu wa anthu chimene United Nations inavomereza mu 1948 imaletsa kulowerera mwachisawawa pa moyo wachinsinsi wa munthu, banja lake, nyumba yake ndi makalata ake. Makalata a masiku ano ali kuti? Ali m'foni. Uthenga wa pa WhatsApp ndi kalata. Wapolisi amene sangang'ambe envelopu yanu pamsewu asatsegulenso uthenga wanu pamsewu.

Ena anena kuti maphunziro a apolisi ndi osakwanira, ena kuti malamulo anatsalira m'mbuyo. Kaya. Mchemwali wanga sizimuthandiza zimenezo.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mnzanga amene ndamufotokozera m'mawa uno. Akuti, "Ngati alibe chobisa, akuopa chiyani?" Achimwene, inu mukamasamba mumatsekeranji chitseko? Mwaba chiyani kubafako? Munthu amatseka chitseko chifukwa ndi munthu. Nditamuuza kuti andipatse foni yake ndiwerenge macheza ake kwa mphindi 5 zokha, anaiponya m'thumba msangamsanga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komanso m'foni ya mchemwali wanga simuli zinsinsi zake zokha. Muli mnzake amene anamuululira za matenda ake. Muli mng'ono wathu amene anamulembera usiku akulira za banja lake. Muli ine. Anthu onsewa palibe amene anaimitsidwa pamsewu, palibe amene nyali yake inafa, koma wapolisi uja anatiwerenga tonse ndi chala chimodzi. Anatipempha ife? Mchemwali wanga akanatha bwanji kuvomera m'malo mwathu?

Ndipo kumeneko musakutche kuvomera. Munthu wovala yunifomu, mfuti ili paphewa, mdima ukugwa, akati "tsegulani," mkazi ali yekha ayankha chiyani? Amenewo ndi mantha. Ngati wapolisi ali ndi chifukwa chenicheni, apite kwa woweruza, akanene mlandu umene akufufuza, akanene chimene akufuna m'foniyo, woweruza asaine. Akuba ndi achiwembu agwidwe, ine ndilibe nazo vuto. Koma njira yake ndi imeneyo. Chikalata chimasiya dzina la amene anafufuza, tsiku lake ndi chifukwa chake. Dzulo palibe chinalembedwa paliponse. Ngati bambo uja anadzitumizira chithunzi, tikamufunsa kuti? Tikamutchula ndani?

Ku England ndi Wales mu 2019 apolisi anayamba kupatsa fomu amayi odandaula kuti agwiriridwa, kuti apereke mafoni awo afufuzidwe, apo ayi mlandu ukhoza kuima. Wolakwiridwa ndi amene ankavulidwa kachiwiri. Anthu anakuwa, ndipo mu 2020 fomuyo inachotsedwa. Inachotsedwa chifukwa anthu anakana kukhala chete. Ife tikangoti "bola wabweza foni," mawa adzafuna pasiwedi ya kubanki.

Ndanena ndipo ndibwereza: popanda chikalata cha khoti, foni ya munthu isatsegulidwe. Funsani mwaulemu, "Bwana, ndamangidwa? Chikalata chili kuti?" Onani dzina kapena nambala pa yunifomu. Akailanda mokakamiza musalimbane nawo, koma nenani momveka kuti simunavomere, ndipo mukauze loya.

Nanunso amene mumajambula macheza a anzanu n'kuwaponya m'magulu, musadzione ngati oyera. Munthu wakuuzani zakukhosi kwake usiku, m'mawa anthu 200 aziwerenga. Mumasiyana pati ndi wapolisi uja? Chimodzimodzinso mapulogalamu a pafoni a ngongole aja, amene amafuna manambala onse a m'foni mwanu asanakubwerekeni kalikonse, kenako mukachedwa tsiku limodzi n'kuyamba kuimbira apongozi anu. Amenewo anawapatsa nambala ya apongozi anu ndani?