Digiri ikuchitira umboni chiyani masiku ano?

Anzanga, nkhani ya AI (mapulogalamu a pakompyuta otha kulemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu) m'mayunivesite yandifika m'khosi, makamaka mmene akuluakulu oyendetsa sukuluzi akuigwirira. Ukamva akulengeza kuti "tsopano tili ndi ndondomeko ya AI", n'kufunsitsa bwino, umapeza kuti agula pulogalamu yogwirira ana obera, kapena agula layisensi ya ChatGPT kaya Copilot n'kuitana atolankhani. Kwa ine kumeneko ndi kugula katundu basi. Funso limene ambiri akulizemba ndi ili: mwana akamalandira digiri, pepala limenelo likuchitira umboni kuti iyeyo, ndi mutu wakewo, amatha chiyani?

ChatGPT inatuluka pa 30 Novembala 2022, ndipo choyamba chimene anthu anathamangira chinali kuletsa. Mu Januwale 2023 sukulu ya Sciences Po ku Paris inaletsa ophunzira kuigwiritsa ntchito mosaulula, ndipo sukulu za boma za ku New York zinaitseka pa makompyuta awo. Pofika mu Meyi a ku New York aja anali atabweza chiletsocho. Sindikuwaseka, anachita zimene aliyense wodzidzimuka amachita. Koma kuletsa chinthu chimene chili m'foni ya mwana aliyense n'kudzinamiza. Bungwe la HEPI ku Britain linafunsa ophunzira a m'mayunivesite mu 2025 ndipo 92 peresenti anavomera kuti amagwiritsa ntchito AI, pomwe chaka cha m'mbuyo mwake anali 66 peresenti.

Tsono kunabwera mapulogalamu ogwira akuba, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa alipo aphunzitsi amene mpaka lero amawakhulupirira ngati mboni yoona ndi maso. OpenAI yomweyo, eni ake a ChatGPT, inapanga chida chake chozindikirira zolemba za AI, n'kuchitseka mu Julayi 2023 poona kuti chimaphonya kwambiri. Ngati wopanga chinthu akulephera kuzindikira ntchito ya chinthu chake, winayo atha bwanji? Yunivesite ya Vanderbilt ku America inazimitsa chida chozindikirira zolemba za AI cha kampani ya Turnitin mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo masamu awo anali osavuta: mu 2022 anatumiza ku Turnitin mapepala 75,000, kampaniyo inkati imalakwitsa pa pepala limodzi mwa 100 alionse, ndiye kuti mapepala 750 akanatha kunamiziridwa. Ganizirani mwana amene wagona mochedwa mlungu wonse akulemba yekha, kenako akumuitanira ku komiti ya mwambo chifukwa kompyuta yatulutsa nambala. Adziteteza ndi chiyani?

Chopweteka kwambiri n'chakuti zidazi sizinamizira anthu mofanana. Ofufuza a ku Stanford mu 2023 anayesa zida 7 pa zolemba za mayeso a Chingelezi otchedwa TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingelezi si chilankhulo chawo chobadwira. Pafupifupi 61 peresenti ya zolembazo zinagamulidwa kuti ndi za makina, pomwe zolemba za ana obadwira m'Chingelezicho zinadutsa bwinobwino. Chifukwa chake n'chosabisika: munthu wolemba m'chilankhulo chophunzira amasankha mawu odziwika, ziganizo zake zimakhala zowongoka, ndipo zimenezo ndiye zimene chidacho chimati n'zizindikiro za makina.

Nanga diso la mphunzitsi? Ku University of Reading, ku Britain, anachita dala kulowetsa mayankho olembedwa ndi GPT-4, AI ya OpenAI yomweyo, m'mayeso olembera kunyumba a maphunziro a psychology, ochonga asakudziwa. Zotsatira zinatuluka mu 2024: 94 peresenti ya mayankhowo sanagwidwe, ndipo ambiri anapeza malikisi oposa a ana enieni.

Mbali inayo kuli ogula malayisensi. California State University mu Febuluwale 2025 inalengeza kuti ikupereka ChatGPT Edu, ChatGPT yokonzedwera mayunivesite, kwa ophunzira oposa 460,000 ndi antchito oposa 63,000 m'makampasi ake 23. Pali chabwino chimodzi pamenepa chimene sindingachikane: mwana wosauka ndi mwana wolemera akugwiritsa ntchito chida chofanana, m'malo moti wina akhale ndi cholipira champhamvu, mnzake chaulere choperewera. Komanso zolemba za ana ndi kafukufuku wosasindikizidwa zimakhala pansi pa mgwirizano wosainirana, osangotayidwa paliponse. Koma layisensi siuza mphunzitsi wa mbiri yakale kuti asayimenti imene wakhala akupereka zaka khumi aichite nayo chiyani Lolemba likudzali.

Amene ndikuona kuti anaganiza mofatsa ndi a University of Sydney. Iwo anagawa mayeso onse m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yotetezedwa: mwana amabwera yekha, pamaso pa woyang'anira, kaya kulemba, kuyankha pakamwa kapena kuchita ndi manja. Yachiwiri ndi yotseguka, ndipo kumeneko AI ndi yololedwa chifukwa palibe amene angaitsekereze. Chimene ndimakonda ndi kuona mtima kwake. Anasiya kulemba pa asayimenti ya kunyumba kuti "AI ndi yoletsedwa" akudziwa kuti sangathe kutsimikiza. Lamulo losatheka kulilondoloza limalanga mwana womvera yekha, amene amavutika payekha n'kupeza malikisi ochepa, anzake a likasa akuseka.

Kuyankha pakamwa kuja anthu amakupeputsa, koma taonani mmene kumayendera. Mwana wapereka lipoti la masamba 12 lokongola, lopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Mphunzitsi akutsegula tsamba lachisanu, akuloza ndime imodzi: "Apa mwanena kuti njira iyi ndi yabwino kuposa inayo. Inayo munaikaniranji?" Amene anagwira ntchitoyo, ngakhale atathandizidwa ndi AI, amayamba kufotokoza, mwina mojejema, mwina n'kuvomera kuti anayesa inayo koma manambala sanagwirizane. Amene anangokopera amabwereza chiganizo chomwe chili papepalacho, ukamufunsa kachiwiri amayang'ana kudenga. Mphindi zisanu zimakwana, ndipo palibe amene wanamiziridwa ndi nambala ya pakompyuta.

Ndikudziwa chimene ena mulembe m'munsimu: kalasi ya ana 400 muchita nayo bwanji? N'zoona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ana 400, aliyense mphindi 10, ndi maola oposa 66 a mphunzitsi mmodzi. Choncho yunivesite imene ikuti yakonzeka iyenera kusonyeza mu bajeti yake ndalama za nthawi ya aphunzitsi, za owathandiza, za zipinda zolemberamo mayeso. Ndalama zimenezi sizioneka pa chithunzi cha mwambo wosainirana mgwirizano, n'chifukwa chake zimaiwalika. Komanso sikuti phunziro lililonse lifunika kutetezedwa chotere. Dipatimenti ikhale pansi, ione digiri yonse kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, isankhe malo atatu kapena anayi pamene mwana sangadutse asanasonyeze yekha kuti akudziwa. Kwinako asiyeni agwiritse ntchito zidazo poyera, aziulula mmene anazigwiritsira ntchito.

Ndipo kugwiritsa ntchitoko kumafuna kuphunzitsidwa. Makinawa amalosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake, molingana ndi zolemba zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. Choona ndi chabodza amazilankhula ndi mawu amphamvu ofanana. Uwapemphe mabuku ochitira umboni mfundo yako, akhoza kukupatsa dzina la katswiri weniweni, magazini yeniyeni, chaka, ngakhale manambala a masamba, koma nkhaniyo kulibe, sinalembedwepo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Maloya ena ku New York anawalipiritsa chindapusa cha madola 5,000 mu Juni 2023 atapereka kukhoti milandu yopeka imene ChatGPT inawapatsa. Amenewo ndi anthu a madigiri kale. Ntchito imodzi imene ndingakonde kuiona m'kalasi lililonse la chaka choyamba ndi iyi: mwana afunse AI funso la m'phunziro lake, atenge yankholo, apite nalo ku laibulale, afufuze chiganizo ndi chiganizo, alembe pamene yanama ndi pamene yalondola. Malikisi apite pa kufufuzako.

Koma kuti ugwire bodza uyenera kudziwa choona kaye. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene akuti kuloweza ndi kulemba pawekha zatha ntchito. Wophunzira udokotala amene sanavutikepo yekha kumvetsa mmene impso imagwirira ntchito sangazindikire AI ikasokoneza mlingo wa mankhwala. Wophunzira kulemba mapulogalamu amene sanakhalepo usiku akusaka cholakwika mu khodi yake adzalandira chilichonse chimene makina amupatsa. Ana a chaka choyamba ndi a chaka chomaliza sangakhale pa lamulo limodzi, ndipo a zamalamulo sangafanane ndi a zomangamanga. Lamulo la masamba awiri lochokera ku ofesi yaikulu, loti likwanire aliyense, silithandiza aliyense.

UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, itafunsa masukulu ndi mayunivesite oposa 450 mu 2023, inapeza kuti osakwana 10 peresenti ndi amene anali ndi malangizo alionse pa nkhaniyi. Lero ambiri ali nawo, mapepala alembedwa, makomiti akhazikitsidwa. Ine ndikanakhala m'komiti yotero, ndisanakambe za kampani yoti tigulekonso, ndikanapempha mkulu wa dipatimenti iliyonse abwere ndi asayimenti zake zonse za chaka chatha, tizilowetse mu AI tonse tikuona, kenako tizichonge monga mwa nthawi zonse. Aphunzitsi amene muli pano, alipo amene anayesapo zimenezi ndi asayimenti zake? Makinawo anapeza malikisi angati?