Gold Wing: amene anaisandutsa njinga ya ulendo ndi ogula, Honda inangotsatira pambuyo

Mukatchula Honda Gold Wing, ambiri amaona chinjinga chamoto chokhala ndi mabokosi m'mbali, chotchinga mphepo kutsogolo, wailesi, ndi mpando wakumbuyo wonga sofa ya pabalaza. Koma GL1000 yoyambirira, imene inaonetsedwa ku Cologne m'dziko la Germany mu Okutobala 1974, inalibe chilichonse mwa zimenezi. Inali injini, mpando ndi handulo basi. Ine ndimati Honda inapanga injini yoyenera ulendo wautali isanadziwe bwinobwino chimene yapanga. Anaiuza ndi ogula. Ndipo chilichonse chimene Honda inawonjezerapo pambuyo pake pofuna kusangalatsa wokwera, analipira ndi makaniko.

Tiyambe ndi chimene chinkaiwawa Honda. Mu 1969 inatulutsa CB750 ya masilinda anayi, dziko lonse n'kugwedezeka. Mu 1972 Kawasaki inabwera ndi Z1 ya 903cc n'kuilanda ufumu. Chaka chomwecho Honda inapereka ntchito kwa Shoichiro Irimajiri, katswiri amene anapanga injini za njinga zampikisano za kampaniyi m'zaka za m'ma 1960, ndipo gulu lake linapanga njinga yoyeserera yotchedwa M1: masilinda 6 ogona chammbali, 1470cc, yozizira ndi madzi, yopititsa mphamvu kumbuyo ndi shafiti. Sinagulitsidwe. Injiniyo inali yaitali mwakuti wokwera ankasowa poika mapazi. Ntchito itapita kwa Toshio Nozue, anadula masilinda awiri, n'kutsala anayi, 999cc. Imeneyo ndiyo inalowa pamsika mu 1975.

Nzeru yonse ya njingayi ili pa mmene anayalira katundu wolemera. Masilinda awiri agona kumanzere, awiri kumanja, pafupi ndi nthaka. Bokosi la magiya asanu lili kunsi kwa crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza, osati kumbuyo kwake, n'cholinga choti injini ifupike. Thanki yeniyeni ya malita 19 ili pansi pa mpando. Chimene mumachiona pakati pa miyendo n'kumati ndi thanki ndi chibokosi chabe: mukachitsegula mupezamo sefa ya mpweya, zamagetsi, botolo la madzi a radiyeta, ndi chitsulo cha kiki chimene ankachisungamo kuti batire ikafooka muchilowetse kumbuyo kwa injini n'kuliza ndi phazi. Popeza petulo ali m'munsi, sangatsike yekha kupita ku makabureta, ndiye anaika pampu yoyendetsedwa ndi camshaft ya kumanja, chitsulo chotsegula mavalavu. Njinga yolemera makilogalamu 265 yopanda mafuta, koma ikangoyamba kuyenda kulemerako kumasowa. Amene anakwerapo njinga yaitali yosenza thanki yodzadza pamwamba akudziwa kusiyana kwake pokhota pang'onopang'ono.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Injini imene crankshaft yake yaloza kutsogolo ndi kumbuyo, monga ya BMW kapena Moto Guzzi, mukaikoka moto itaima njinga imapendekera mbali imodzi. Honda inachititsa alternator, yopanga magetsi otchajira batire, kuzungulira mosemphana ndi crankshaft kuti mphamvu ziwirizo zithetsane. Nzeru yabwino zedi. Koma alternator imeneyo inakakhala mkati mwa injini, kumbuyo, m'mafuta, ndipo musaiwale zimenezi chifukwa tibwererako.

Honda inkaganiza kuti ikugulitsa mfumu ya liwiro, ya mphamvu za mahatchi pafupifupi 80 ndi mabuleki a disiki atatu. Ku America kunagulidwa njinga pafupifupi 13,000 m'chaka choyamba, koma ogulawo sanapite nazo kumipikisano. Anaona njinga yosanjenjemera, yosatentha, yopanda tcheni chofuna kukungidwa ndi kuthiridwa mafuta panjira. Ankatuluka m'shopu ya Honda n'kukagula chotchinga mphepo cha Windjammer cha Craig Vetter, n'kumangirira mabokosi a makampani ena, n'kuyamba kudula mitunda. Kwa zaka zisanu ndalama za katundu ameneyu zinkalowa m'matumba a ena, Honda ikuyang'ana.

Inayamba kumva mu 1978. Inachepetsa makabureta kuchoka pa 32mm kufika pa 31mm, n'kusintha camshaft kuti mphamvu izibwera injini ikuzungulira modekha m'malo modikira kuti ikuwe. Inachotsa kiki, n'kuika mawilo a Comstar m'malo mwa a masipoko. Okonda liwiro anadandaula, koma njinga yosenza anthu awiri ndi katundu pamtunda imafuna mphamvu ya pansi. Mu 1980 kunabwera GL1100 ya 1085cc, moto wa mapulagi woyendetsedwa ndi kabokosi ka magetsi, mashoko opopera mpweya, ndi mtundu wa Interstate umene unkachoka kufakitale uli kale ndi chotchinga mphepo ndi mabokosi atatu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kuipangira ku Marysville, Ohio, ku America, pakhomo pa ogula ake. Aspencade, mtundu wina wa GL1100 wa mu 1982, inatenga dzina la msonkhano wa okwera njinga umene unkachitikira ku New Mexico. Ngakhale dzina analitola kwa ogula.

Zotsatirazo sindichedwapo. GL1200 ya 1182cc inafika mu 1984 ndi mavalavu odzikonza okha ndi mphamvu ya oyilo, Yamaha Venture ikuithamangitsa kumbuyo. Pofika 1985 mtundu wopanda chotchinga unali utasiyidwa. Mu 1988 GL1500 inabweza masilinda 6 a Irimajiri aja, 1520cc, makabureta awiri okha, ndipo polemera makilogalamu pafupifupi 360 anaipatsa rivesi yoyendetsedwa ndi mota ya sitata. GL1800 ya 2001 inabwera ndi 1832cc, felemu ya aluminiyamu ndi mainjekita, mu 2006 n'kuwonjezera airbag. Fakitale ya njinga ya Marysville itatsekedwa mu 2009, ntchito inabwerera ku Japan, ku Kumamoto, moti Gold Wing ya chaka cha 2011 kulibe. Ya 2018 anaipepuza, n'kuipatsa magiya 7 osintha okha kwa wofuna.

Tsopano kwa amene wapeza imodzi mwa za masilinda anayi, 1975 mpaka 1987, ili pakona ya galaja. Injini zimenezi sizifa ndi mtunda. Zimafa ndi kukhala.

Musanalize, malamba. Camshaft iliyonse imayendetsedwa ndi lamba wa mano kutsogolo kwa injini, kuseri kwa radiyeta. Lamba akaduka kapena kulumpha mano, pisitoni imamenya valavu yotseguka, ndipo ntchito ya masana amodzi imasanduka yotsitsa mitu yonse ya injini. Lamba wa zaka 20 amatha kuoneka watsopano koma mkati ataguga, ndiye musamukhulupirire ndi maso. Pa GL1000 ndi GL1100 lamba wa Gates T274 amakwana, pa GL1200 ndi T070. Chotsani mapulagi, zungulitsani injini ndi sipanala mpaka chizindikiro cha T-1 chioneke pa kabowo ka pamwamba pa injini kumbuyo, mawu akuti UP pa mapule onse awiri ali chilili, timizere ta m'mbali tayang'anizana ndi ta pa injini. Mukamasula lamba wa kumanja, pule imafuna kudumpha chifukwa masipuling'i a mavalavu akuikankha, ndiye igwireni ndi sipanala n'kumangirira sipanalayo kufelemu. Malamba atachoka, crankshaft isasunthe. Zungulitsani timawilo tokungira ndi chala: kakamalira ngati muli mchenga, sinthani. Mukamanga, zungulitsani injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu n'kuonanso zizindikiro musanakhudze sitata. Ikalimba penapake musakakamize, ndi valavu imeneyo. Lamba wokungika kwambiri amalira ngati mluzu, wolobodoka amamenya chivundikiro. Ine ndimati zaka zisanu zikakwana sinthani, kaya njinga yayenda kaya ayi.

Tabwerera ku alternator ija. Stator yake, makoyilo osazungulira a mkati mwake, imatulutsa mawaya atatu achikasu amene amakumana pa kapulagi ka pulasitiki pafupi ndi batire, kumanzere. Kapulagiko kakachita dzimbiri kamatentha, kamasungunuka, mawaya n'kugundana, stator n'kupsa. GL1200 ndiyo inatchuka ndi matenda amenewa. Ndipo kuti musinthe stator, injini yonse iyenera kutuluka m'felemu. Pa Aspencade muyamba mwatha tsiku mukuvula mapulasitiki musanaone n'komwe bawuti ya injini. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi: dulani kapulagiko, lumikizani mawayawo ndi soda, kulungani lililonse palokha. Poyeza njinga yogula, batire izionetsa mavoti 13.5 mpaka 14.5 injini ikuzungulira maulendo 3000 pa mphindi. Mukalekanitsa mawaya achikasuwo, awiri alionse azipereka magetsi a AC ofanana, mavoti cha m'ma 50 kupita m'mwamba, ndipo pasapezeke waya wolumikizana ndi chitsulo cha injini. Waya mmodzi akalephera, mtengo wa njingayo utsike pomwepo. Chogwirira sitata nachonso chili m'chipinda chomwecho, choncho mukamva sitata ikungozungulira yokha osakoka injini, dziwani kuti ulendo ndi womwewo wotsitsa injini. Onaninso fyuzi yaikulu ya 30A, kachitsulo kopyapyala pafupi ndi batire: kamang'aluka mosaoneka, njinga n'kumangozima ngati yalodzedwa.

Thanki ya pansi pa mpando ija ndi yachitsulo, ndipo ikakhala yosadzadza imachita thukuta mkati. Petulo wosakaniza ndi ethanol, ngati amene timathira kuno ku Malawi, amakoka chinyezi kwambiri. Dzimbiri limapita kukatseka timabowo ta makabureta anayi a Keihin, njinga n'kumakana kulira yokha popanda choko. Kutsuka makabureta thanki muli dzimbiri ndi kutunga madzi ndi dengu. Tsukani thanki kaye, ikani sefa yatsopano, kenako makabureta: mphira zonse zatsopano, makamaka gasiketi ya pakati pa bokosi la mpweya chifukwa petulo amadutsamo, mafuloti pa 21mm pa GL1000, pomaliza kuwalinganiza onse anayi ndi mageji. Koma musalinganize musanakonze mavalavu, 0.10mm onse injini ili yozizira pa GL1000, ndi mapoyinti, tizitsulo toyendetsa moto wa mapulagi, a kumbuyo kwa mutu wa kumanzere, mpata wa 0.3 mpaka 0.4mm. Ambiri amanamizira makabureta mlandu wa mapoyinti. Amene atopa nawo amaikapo Dyna S, kachipangizo ka magetsi kolowa m'malo mwa mapoyinti, ndipo sindiwadzudzula.

Utsi umaopseza anthu pachabe nthawi zina. Njinga ikagona pa sitandi ya m'mbali usiku, oyilo amatsetserekera m'masilinda a kumanzere, m'mawa n'kutulutsa utsi wabuluu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Si matenda, iimikeni pa sitandi ya pakati. Utsi woyera wonunkhira motsekemera, wosatha injini itatentha, madzi akuchepa m'botolo, imeneyo ndi gasiketi ya mutu. Kunsi kwa pampu ya madzi kuli kabowo: kakamadontha madzi kapena oyilo, pampu yatha. Mankhwala a m'radiyeta akhale opanda silicate, chifukwa amadya chotsekera cha pampuyo. Madzi a pampopi okha amadya aluminiyamu.

Shafiti nayo anthu amaiona ngati yosafuna chisamaliro. Mano olumikiza wilo lakumbuyo ndi giya yomaliza amafuna phala la moly, girizi wapadera wokhala ndi molybdenum, nthawi iliyonse tayala lachoka. Girizi wamba amathawa ndi kutentha, mano n'kuuma, n'kuyamba kutulutsa fumbi lofiira, tsiku lina mulowetsa giya injini n'kungolira njinga osasuntha. Mukadali pansi pomwepo, gogodani ndi sipanala chitsulo cha felemu cha kumanzere chimene chimamasuka potulutsa injini, ndi pamene pagwira sitandi ya pakati. Zimawola kuyambira mkati, penti ali bwinobwino.

Funso loti yabwino ndi iti limayambanitsa anthu. Ena amati GL1500, ndipo ali ndi mfundo: pamenepo Honda inamveranso, n'kutulutsa alternator kunja kuti izimasuka ngati ya galimoto, injini ili m'malo. Kwa woyenda ndi mayi a kunyumba ulendo wa masiku, sindingatsutse. Koma kungofika pa makabureta ake muvula mapulasitiki ambirimbiri okhala ndi timano tothyoka msanga, ndipo pulasitiki ya zaka 30 sipirira kukokedwa. Kwa munthu wogwira yekha sipanala, ine ndimaloza GL1100 yopanda chotchinga kapena Interstate, ya 1982 kapena 1983. Mapoyinti mulibe, magiya ake ndi aatali moti pamsewu waukulu injini siikuwa, mavalavu mumakonza ndi sikuludiraiva ndi sipanala mutakhala pa mpando, 0.10mm olowetsa ndi 0.13mm otulutsa, chifukwa mitu yonse ili panja pafupi ndi mawondo anu. GL1000 ya 1975 ndi yokongola kuposa zonse, koma imeneyo ndi ya osunga zakale. GL1200 ya mainjekita, Limited Edition ya 1985 ndi SE-i ya 1986, ndingaisiye pomwe ili, pokhapokha wogulitsayo akundipatsanso ina yophwasula.