Masiki ya LED ndi microcurrent: khungu lakuda lili ndi malamulo ake

Mamasiki aja ovala kumaso, owala ndi timababu ta LED, adzaza pa TikTok ndi pa Instagram, ndipo anthu ayamba kuitanitsa kuchokera ku Johannesburg, ku Dubai ndi ku China. Maganizo anga ndi awa: zipangizozi zimagwiradi ntchito, koma pang'ono komanso mochedwa, ndipo malangizo ambiri a m'mavidiyo aja anakonzedwera anthu a khungu loyera. Wa khungu lakuda akangotsatira osafunsa, atha kuthamangitsa ziphuphu n'kuitana mawanga omwe amatenga miyezi kuti achoke.

Tiyambe ndi kuwalako. Masiki yopangidwa bwino siitulutsa cheza cha UV chimene chimaotcha khungu padzuwa. Nkhani yagona pa mtundu wa kuwala, womwe pabokosi amaulemba ndi nambala yotsatana ndi zilembo nm. Mitundu itatu yokha ndiyo ili ndi umboni wogwirika. Kuwala kofiira, 630 mpaka 660 nm, kumadutsa khungu lapamwamba n'kufika pa maselo opanga collagen, chinthu chomwe chimakunga khungu kuti lisachite makwinya. Kwa 830 nm, komwe amati near-infrared, maso sakuona, koma ndiko kumalowa mozama ndipo kumaziziritsa kutupa. Kwa buluu, 415 nm, sikupita patali. Ntchito yake ndi kupha bakiteriya wa ziphuphu wotchedwa Cutibacterium acnes: iyeyu amapanga chinthu chotchedwa porphyrin, ndipo buluu akagunda porphyrin pamatuluka okosijeni waukali amene amamupha. Mitundu ina ija, yobiriwira, yachikasu, yapepo, imene ogulitsa amanyadira kuti masiki yawo ili ndi mitundu 7, umboni wake ndi wochepa zedi. Pamenepo mukulipira zokongoletsa.

Tsono pa buluu m'pomwe ndikufuna tiimepo. Madokotala amagawa khungu la anthu m'magulu 6 pa muyeso wa Fitzpatrick, ndipo ambiri a ife tili m'gulu la 5 kapena la 6. Kafukufuku anapeza kuti kuwala kooneka ndi maso, makamaka kwa buluu, kumadzutsa maselo opanga melanin, chinthu chomwe chimadetsa khungu, pa khungu la gulu la 4 kufika la 6, ndipo kudako kumakhalitsa. Pa khungu loyera kwambiri sizichitika choncho. Ndiye taganizani: kwa ife chiphuphu chikapola chimasiya kale kadontho kakuda, kenako munthu n'kumawalitsapo buluu tsiku ndi tsiku. Chiphuphu chiuma, inde, koma kadontho kaja kada kwambiri. Amene ali ndi melasma, mawanga abulauni aja otuluka m'masaya, pachipumi ndi pamwamba pa mlomo, kawirikawiri pa nthawi ya mimba kapena pomwa mapiritsi olera, asayerekeze n'komwe buluu. Kutentha nako kumaipitsa melasma, choncho masiki imene imatenthetsa nkhope ngati mwayandikira mbaula ndi yoisiya, ngakhale ikhale yofiira. Ngati vuto lanu ndi ziphuphu, benzoyl peroxide ya 2.5 kapena 5 peresenti, adapalene ya 0.1 peresenti, kapena azelaic acid ndi zotsika mtengo kuposa masiki ndipo zinayesedwa mokwanira. Azelaic acid imathandizanso kufafaniza madonthowo.

Wofuna masiki ya makwinya ndi kusalala kwa khungu asankhe ya kuwala kofiira ndi near-infrared, kapena yomwe buluu wake amatheka kuzimitsa. Pabokosi pakhalenso nambala yachiwiri, ya mphamvu ya kuwala, yolembedwa mu mW/cm². Masamu ake ngosavuta: chulukitsani nambalayo ndi masekondi, mugawe ndi 1000. Masiki ya 30 mW/cm² yovala mphindi 10, omwe ndi masekondi 600, imapereka 18 J/cm², womwe ndi mlingo wa kuwala konse komwe khungu lalandira. Masiki ya Omnilux Contour, yomwe imagwiritsa 633 ndi 830 nm, imati mphindi 10, katatu mpaka kasanu pa sabata. Ya Dr. Dennis Gross imati mphindi 3 zokha. Aliyense ali ndi muyeso wake, tsatirani wa chipangizo chanu. Kuwirikiza nthawi sikufulumizitsa kanthu, chifukwa maselo amalabadira pa mlingo winawake, ndipo ukapitirira phindu limayamba kutsika, khungu n'kumangouma. Masiki yosatchula nambala ziwirizi, ya nm ndi ya mW/cm², ndi yokayikitsa, kaya chithunzi chake n'chokongola bwanji.

Zing'onozing'ono zina zothandiza pogula. Masiki ya silicone yopindika imagona pakhungu, pamene yapulasitiki yolimba imasiya mpata m'masaya ndi m'mbali mwa mphuno, ndipo kuwala kumafooka kukatalikira. Timababu ta near-infrared timaoneka ngati takufa. Lozetsani kamera ya foni, makamaka yakutsogolo, nthawi zambiri muona tikuyaka mofuwira. Mawu oti "FDA cleared" asakukomereni kwambiri. Amatanthauza kuti bungwe la FDA la ku America laona kuti chipangizocho n'chofanana ndi china chomwe chili kale pamsika, osati lalonjeza kuti makwinya anu atha.

Maso musawaseweretse. Mu 2019 kampani ya Neutrogena inachotsa pamsika masiki yake ya ziphuphu poopa kuti ingavulaze maso a anthu omwe ali ndi matenda ena a maso kapena akumwa mankhwala ochititsa maso kusapirira kuwala. Valani zotchingira maso zomwe zimabwera m'bokosi, tsinzinani, foni muisiye kaye.

Microcurrent ndi nkhani ina. Kamakinaka kali ndi timitu tiwiri tachitsulo tomwe timadutsitsa magetsi ochepera 1 milliampere pakhungu ndi m'minofu ya nkhope. Kamakina ka NuFACE Trinity kamafika cha pa 335 microampere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milliampere. Ogulitsa amakonda kutchula kafukufuku wa 1982 yemwe anapeza kuti magetsi otere amachulukitsa ATP, mphamvu ya m'maselo, mpaka kasanu. Chomwe satchula n'choti khungulo linali la makoswe. Pa nkhope ya munthu zomwe zimaoneka ndi izi: kutupa kwa m'mawa kumaphwa, masaya ndi nsidze zimakwera pang'ono, nsagwada imaoneka bwino. Zimakhala tsiku limodzi kapena awiri. Mukasiya, nkhope imabwerera mwakale. Khungu lomwe lalendewera chifukwa cha ukalamba kapena kuonda kwadzidzidzi kamakinaka sikangalikweze. Pa ziwirizi, wa ndalama zochepa ayambe ndi LED yofiira.

Ambiri amene amati microcurrent siigwira ntchito amalakwitsa pa jelo. Magetsi amayenda m'madzi, mafuta amawatsekereza. Vaseline, mafuta a malambe, shea butter kapena serum yamafuta zikakhala pankhope, mukungosisita chitsulo. Pamafunika jelo yamadzi: yobwera ndi kamakinako, ya aloe vera yopanda mafuta, kapena ija amapaka ku sikani. Pakani yochindikala, mbali imodzi ya nkhope kaye, chifukwa imauma msanga, makamaka mu Okutobala. Timitu tonse tiwiri tikhudze khungu nthawi zonse. Yendetsani chokweza: kuchoka pachibwano kutsata nsagwada mpaka kukhutu, kuchoka pa ngodya ya mlomo kupita pakati pa khutu, kuchoka m'mbali mwa mphuno kutsata fupa la tsaya, kenako kuchoka pa nsidze kupita pomwe payambira tsitsi. Ulendo uliwonse utenge masekondi ngati 5, mubwereze katatu. Pakhosi yendani m'mbali mokha, pakati pomwe pali chithokomiro ayi. NuFACE imati mphindi 5 pa tsiku, masiku 5 pa sabata kwa masiku 60 oyamba, kenako kawiri kapena katatu pa sabata.

Mukamva kulasalasa ndiye kuti jelo yauma, wonjezerani kapena wazanipo madzi. Kumva kukoma kwa chitsulo m'kamwa si kwachilendo. Mukaona timphezi m'maso ndiye kuti mwayandikira diso kwambiri: bwererani pa fupa, muchepetse mphamvu. Ngati mlomo kapena tsaya likudumphadumpha, mphamvu yachuluka, kapena mwagulitsidwa kamakina ka EMS, komwe kamakoka minofu ndi magetsi aakulu, n'kulembedwa dzina la microcurrent. Osadutsitsa pa chilonda, pa chiphuphu chamafinya, kapena pomwe mwangometa kumene. Abambo a ndevu zambiri, tsitsilo limatchinga, mungotaya jelo.

Dongosolo lake losavuta ndi microcurrent m'mawa, LED madzulo. Mukafuna zonse nthawi imodzi, sambani kumaso, chitani microcurrent, pukutani jelo yonse, umitsani nkhope, ndiyeno valani masiki. LED imafuna khungu lopanda kanthu, chifukwa phauda, mafuta okhuthala ndi sunscreen zimatchinga kuwala. Serum ndi mafuta odzola zibwere pambuyo. Retinol, mankhwala odzola a vitamini A, nayenso pambuyo pa masiki, ndipo sabata imene khungu likusupuka kapena kuyabwa, pumitsani chimodzi. Masana sunscreen ya SPF 30 kapena kuposa siyosankha. Kwa wa mawanga, yabwino ndi ija yokhala ndi mtundu wa khungu, yomwe muli iron oxide, chifukwa ndiyo imatchinganso kuwala kooneka ndi maso. Yoyera wamba imalimbana ndi UV basi. Mukamaliza pukutani masiki ndi timitu tija ndi sipiriti wa 70 peresenti. Thukuta ndi jelo youma zikatsalira zimabweretsa ziphuphu zomwe munthu amadzanamizira kuwala. Ndipo izi si zobwerekana ndi achemwali.

Pali ena ofunika kufunsa kaye kuchipatala. Microcurrent ndi yoletsedwa kwa amene ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino), odwala khunyu, oyembekezera, ndi amene akulandira chithandizo cha khansa. Amene wabayitsa jakisoni wa makwinya wa Botox kapena wodzaza khungu wa filler adikire sabata ziwiri, kapena monga wauzira dokotala wake. Pa LED, chenjezo lili kwa odwala lupus ndi porphyria, matenda omwe amachititsa khungu kusapirira kuwala, a khunyu ngati masikiyo imathwanima, komanso omwe akumwa mankhwala ochititsa khungu kusapirira kuwala. M'gulu limeneli muli doxycycline ndi isotretinoin, omwe amaperekedwa pa ziphuphu zomwezo, hydrochlorothiazide wa BP, ndi cotrimoxazole, Bactrim uja ambiri amamwa tsiku lililonse. Mankhwalawo musasiye chifukwa cha masiki. Masikiyo ndiyo idikire. Ndipo aliyense, poyamba ayeseze pamkono kwa nthawi yomwe yalembedwa, adikire maola 24 aone ngati pafiira, payabwa kapena pada.

Nkhani yomwe sitikonda kuikamba ndi ya mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa ogulitsidwa m'misika amakhala ndi steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, ena hydroquinone, ena mercury. Steroid amapyapyalitsa khungu, timitsempha timaonekera, ndipo amatulutsa ziphuphu zakezake, zing'onozing'ono zofanana kukula. Zimenezo buluu sangazithetse, poti gwero lake ndi mafutawo. Hydroquinone wodzola zaka amabweretsa kuda kwa m'masaya kotchedwa ochronosis, komwe masiki iliyonse singakuchotse. Khungu lotere likakumana ndi magetsi ndi kutentha limanyerenyetsa ndi kufiira msanga. Kusiya steroid mwadzidzidzi nakonso kumabutsa moto pankhope, n'chifukwa chake pamafunika kuchepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi odziwa. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli makiliniki a khungu. Yambirani kumeneko musanaitanitse chipangizo chilichonse.

Za magetsi athu: onani pa chaja ngati palembedwa 100–240V, chifukwa kuno timagwiritsa 230V ndipo zina zochokera ku America zimafuna 120V yokha. Magetsi akathima zulani pakhoma, pobwera ndi pomwe amaotcha batire.

Collagen siipangika sabata imodzi, ndiye kalilole wa tsiku ndi tsiku sangakuuzeni zoona. Jambulani chithunzi musanayambe, pafupi ndi windo, m'mawa, opanda phauda, opanda fyuluta, kutsogolo ndi m'mbali zonse. Jambulaninso pamalo omwewo pakatha sabata 4, 8 ndi 12, ndipo m'nthawi imeneyi musayambe mafuta ena atsopano, kuti mudziwe chomwe chasintha nkhope. Pofika sabata 12 mizere ing'onoing'ono ya m'mbali mwa maso ndi kusalala kwa khungu ziyenera kukhala zitasonyeza kusintha. Ngati chithunzi cha sabata 4 chikuonetsa kuti mawanga akuda kuposa poyamba, zimitsani masikiyo tsiku lomwelo, osadikira sabata 12.